Khutu likamalira osaleka: mafunso ndi mayankho pa thandizo la CBT

Pali anthu ambiri amene amayenda ndi nyenje m'mutu. Kunja kuli zii, ana agona, wailesi yazimitsidwa, koma m'khutu muli nziii osapumira. Achipatala amati tinnitus, ife timangoti khutu likulira. Ambiri likawapeza limawasowetsa mtendere masabata angapo, kenako amaliiwala. Ena ochepa limawalanda tulo, chimwemwe, ngakhale ntchito imene. Mayankho ali m'munsiwa ndalembera gulu lachiwirili, ndipo akukamba makamaka za thandizo lokambirana lotchedwa Cognitive Behavioural Therapy, mwachidule CBT.

Phokosoli likuchokera kuti, poti amene ndakhala nawo pafupi sakulimva?

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Ubongo ukaona kuti uthenga wochokera kukhutu wachepa, umachita zimene inu mumachita wailesi ikamamvekera patali: umakweza voliyumu. Ukakweza choncho umayamba kumva kusokosa kwa mitsempha yake yomwe. Akatswiri ambiri amafotokoza motero, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amene makutu awo amalira akayezedwa amapezeka kuti kumva kwawo kunachepa, ngakhale eni ake sanazindikire.

Zowononga timaseloti n'zodziwika. Ukalamba ulipo, koma phokoso ndilo limapweteka achinyamata: kugwira ntchito pachigayo, kudula zitsulo ndi galainda, kukhala pafupi ndi masipika paukwati kapena kutchalitchi, mahedifoni otsegula mpaka kumapeto. Madala amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ena anabwerera ndi makutu olira. Nthawi zina choyambitsa n'chaching'ono, monga phula lotseka khutu kapena khutu lotuluka mafinya. Amene anamwapo kwinini pa malungo akukumbukira momwe makutu amalirira. Kuliraku kumatha mankhwala akatha. Majakisoni ena monga gentamicin, komanso streptomycin ndi kanamycin amene kale ankabaya anthu a TB, amatha kusiya vutoli mpaka kalekale. Mukakayikira mankhwala amene mukulandira, kauzeni adokotala tsiku lomwelo, koma musasiye kumwa mwa inu nokha.

Kodi ndine ndekha?

Kutalitali. Mu 2022 magazini ya zachipatala ya JAMA Neurology inasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri ndipo inapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 mwa 100 alionse makutu awo amalira, kutanthauza anthu oposa 740 miliyoni. Amene vutoli limawazunza kwambiri ndi pafupifupi 2 mwa 100.

Palinso kafukufuku wakale amene ndimamukonda. Mu 1953 ku America, ofufuza awiri, Heller ndi Bergman, analowetsa anthu 80 amene sankadandaula za makutu m'chipinda chosalowa phokoso, n'kuwasiya mphindi zisanu. Anthu 94 mwa 100 alionse anatuluka akunena kuti amva kulira, kulilima kapena kusokosa. Choncho ubongo wa pafupifupi aliyense uli ndi kaphokoso kake, kungoti masana timakakwirira ndi phokoso la dziko.

Taonaninso manambala aja, 14 ndi 2. Anthu 12 apakatiwo makutu awo akulira ndithu, koma akugona, akulima, akuseka. Ndipo ofufuza akamayeza kukula kwa phokoso, sapeza kuti amene akuvutika kwambiri ndiye ali ndi phokoso lalikulu koposa. Wina lake ndi lalikulu koma alibe nalo ntchito, wina ndi laling'ono koma wauma nalo thupi. CBT inabadwira pa kusiyana kumeneku.

Ndikuopa kuti ndiyamba misala. Ena akuti ndalodzedwa.

Kulira kwa khutu si chiyambi cha misala. Phokoso lake lilibe mawu: ndi nziii, shiii, wuuu, ngati nkhululu, ngati thiransifoma, ngati mphepo. Kumva anthu akukuyankhulani, kukutukwanani kapena kukulamulani pomwe palibe munthu ndi nkhani ina, ndipo imeneyo njofunika kukaonana ndi achipatala oona za maganizo.

Za kulodzedwa sindilimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Ndingonena zimene zimachitika m'thupi. Mukakhulupirira kuti phokosoli ndi uthenga wa mdani, ubongo wanu umaliika pa mndandanda wa zinthu zoopsa, pamodzi ndi njoka ndi mbala. Chinthu choopsa ubongo suuchotsera diso. Ndiye mumalimva kwambiri, mantha n'kukula, mantha akakula n'kulimvanso koposa. Amene amati khutu likalira ndiye kuti wina akukunena kwinakwake ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa amangoseka n'kupitiriza kuphika.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira uphungu?

Musanaganize za CBT, khutu liyambe laonedwa. Ndipo pali zina zofunika kuchipatala lero lomwe. Khutu likangogontha mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena masiku awiri atatu, thamangani, chifukwa mankhwala ake amagwira bwino akaperekedwa m'masiku oyambirira. Chimodzimodzi ngati kuliraku kwayamba mutavulala m'mutu, kapena kukubwera ndi chizungulire chogwetsa, kapena mbali imodzi ya nkhope yafooka. Phokoso logunda mofanana ndi mtima, du du du, limafuna kuyezedwa mitsempha ya magazi ndi BP. Kulira kwa khutu limodzi lokha kosatha nakonso kumafuna katswiri, poti mwa apo ndi apo kumachokera ku kachotupa ka pamtsempha wa khutu.

Chomaliza ndi ichi: ngati phokosoli lakufikitsani poganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsopano lino ndipo pitani naye kuchipatala. Musadikire kuche bwino.

Adokotala anangondiuza kuti "palibe mankhwala, ingozolowerani." Ndinatuluka nditakhumudwa. Kodi ananama?

Sananame, koma anakupatsani dzina la mudzi osakulozerani njira. Ndipo mawu akuti "palibe chimene tingachite" avulaza anthu ambiri, chifukwa munthu amatuluka m'chipindamo ali ndi mantha oposa amene analowa nawo.

Kuzolowera ndi ntchito imene ubongo umaidziwa kale. Pitani kukacheza kwa munthu wokhala pafupi ndi chigayo. Inu mutu uwawa pasanathe ola, mwini nyumba akukambirana nanu bwinobwino, ndipo mukamufunsa ayankha kuti, "Aa, chikugaya kodi?" Okhala m'mbali mwa msewu wa M1 amagona mathiraki akudutsa usiku wonse. Koma mayi yemweyo wogona pakati pa mathiraki, khanda likangoti ng'ee pang'ono, wadzuka. Ubongo umasefa mawu potengera tanthauzo lake, osati kukula kwake.

Mu 1984 katswiri wa maganizo Richard Hallam ndi anzake ku London analemba kuti kuzolowera ndiye chinthu chachibadwa pa kulira kwa khutu, ndipo funso loyenera kufunsa ndi lakuti n'chiyani chikutsekereza munthu uyu kuzolowera. Kawirikawiri yankho limakhala mantha, mkwiyo, kutopa ndi kumangolitchera khutu. Mu 1990 wofufuza wina, Pawel Jastreboff, anafotokozanso momwe mbali za ubongo zoona za mantha ndi kugunda kwa mtima zimalumikizirana ndi phokosoli. CBT imachotsa zotsekerezazo kuti ubongo ugwire ntchito yake.

CBT yeniyeniyo n'chiyani?

Ndi thandizo lokambirana limene limayang'ana zinthu zitatu zokokana: zimene mukuganiza, momwe mukumvera mumtima ndi m'thupi, ndi zimene mukuchita. Anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1960 ndi Aaron Beck, dokotala wa maganizo wa ku Philadelphia, ataona kuti odwala ake ovutika maganizo anali ndi timaganizo tongotulukira tokha mwachangu, tomwe ankatikhulupirira osatifunsa mafunso. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku London ndi ku Uppsala ku Sweden anayamba kugwiritsa ntchito njirazi kwa anthu a makutu olira.

Imasiyana ndi uphungu umene tinazolowera, wakuti wamkulu ayankhule wamng'ono azingogwedeza mutu. Apa mlangizi amafunsa kwambiri kuposa kulangiza, ndipo amakupatsani ntchito yokachita kunyumba. Kawirikawiri mumakumana kamodzi pa sabata, pafupifupi ola limodzi, kwa masabata 6 mpaka 12, nokha kapena pagulu. Amene amafuna kungopatsidwa mapiritsi n'kumapita amaiona yotopetsa.

Ndiye mukutanthauza kuti vutoli ndi la m'maganizo mwanga chabe?

Ayi. Phokosolo lilipo, mukulimvadi, ndipo simunalipeke. Chimene tikunena n'chakuti pali zinthu ziwiri zimene zaphatikana: kulirako, ndi kuzunzika kobwera chifukwa cha kulirako. Choyambacho madokotala sanachipezere mankhwala odalirika. Chachiwiricho chimasinthika. Munthu wothyoka mwendo akaphunzitsidwa kuyenda ndi ndodo, palibe amene akunena kuti mwendo sunathyoke.

Tandiuzani bwinobwino zimene zimachitika mukakhala pansi ndi mlangizi.

Tiyerekeze bambo wa zaka za m'ma 40, wogwira ntchito pachigayo, amene khutu lakhala likulira miyezi isanu ndi itatu. Tsiku loyamba mlangizi amamva nkhani yonse, ndipo mwina amamupatsa mafunso olembedwa, monga mafunso 25 otchedwa Tinnitus Handicap Inventory, oyeza momwe kulirako kukumuvutitsira, kuti pambuyo pake adzathe kuyerekeza. Kenako amamutuma kukagula kope la ana asukulu, n'kujambula mizere inayi patsamba: zinachitika liti, ndinaganiza chiyani, ndinamva bwanji, ndinachita chiyani.

Sabata yotsatira bambo aja abwera atalemba kuti: Lachiwiri, 2 koloko usiku, ndadzidzimuka khutu likulira. Ndinaganiza kuti ichi chikukula, ndigontha, ntchito indithera, ana adya chiyani. Mantha 9 pa 10, mtima kuthamanga, thukuta. Ndinatseka khutu ndi chala kuti ndione ngati lakula, kenako ndinafufuza pafoni mpaka tambala woyamba.

Mlangizi sawauza kuti "musadandaule." Amafunsa.

"Bambo, pa miyezi isanu ndi itatu imeneyi, ndi masiku angati amene munalephera kupita kuntchito chifukwa cha khutu?"

"Awiri, mayi. Mwina atatu."

"Nanga atakuyezani makutu kachiwiri kaja anapeza kuti kumva kwatsika?"

"Anati n'chimodzimodzi ndi poyamba."

"Sabata yathayi ilipo nthawi imene munaliiwala?"

Bambo aja akhala kaye chete, kenako n'kuseka. "Loweruka ndinali pa bawo. Kunena zoona sindinalimve mpaka pobwerera."

Kuchokera pamenepo amapanga limodzi ganizo lina loti lilowe m'malo mwa lija. Lisakhale lotsekemera, likhale loona, chifukwa bodza lodzitonthoza nalo silipirira usiku wa 2 koloko. Mwina likhala lakuti: "Likulira kwambiri chifukwa kunja kuli zii ndipo ndatopa. Landichitapo chonchi kambirimbiri, m'mawa n'kupita kuntchito. Ndi losowetsa mtendere, koma silikundipha." Amalilemba pakapepala n'kuliika pafupi ndi mphasa.

Kenako pamabwera zoyesa, ndipo kwa ine apa ndiye pali mnofu. Bambo aja amakhulupirira kuti atakhala malo a zii mphindi zisanu mutu ungasokonekere. Mlangizi amati tiyeni tiyese pompano. Amazimitsa fani, onse awiri n'kukhala chete, bambo akumvetsera dala phokoso lawo, osalithawa, ndipo mphindi iliyonse akutchula nambala ya mantha. Nthawi zambiri nambala imakwera kaye, 7, 8, kenako imayamba kutsika yokha, 6, 5. Munthu akadzionera yekha kuti mantha amakwera n'kutsika popanda kuchitapo kanthu, amaphunzira chinthu chimene palibe akanamuuza ndi pakamwa.

Amaphunziranso kumasula thupi: kupuma pang'onopang'ono kuchokera m'mimba, kukunga minofu ya mapewa ndi nsagwada n'kuimasula. Amaphunzira kusuntha chidwi mwadala, kuchichotsa pakhutu kupita pa kulira kwa mbalame panja, pa kutentha kwa kapu ya tiyi m'manja, n'kubwereranso pakhutu, mobwerezabwereza, mpaka aone kuti chiwongolero chili m'manja mwawo. Ndipo amasiya chizolowezi chija chotseka khutu ndi chala pofuna kuona ngati likadalipo. Ukamafufuza bala ndi lilime, bala limaoneka lalikulu kuposa m'kamwa monse.

Kodi phokoso lidzatha? Umboni wake uli pati?

Amene angakulonjezeni kuti CBT izimitsa phokoso akukunamizani. Mu 2020 bungwe la Cochrane, losanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika kafukufuku 28 wokhudza anthu 2,733 ndipo linapeza kuti CBT imatha kuchepetsa momwe kulira kwa khutu kumasokonezera moyo wa munthu, ndiponso kuti sikawirikawiri kubweretsa zovuta zina. Mu 2012 magazini ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Rilana Cima ndi anzake ku Netherlands, wa anthu 492, amene anaonetsa kuti olandira thandizo lozikidwa pa CBT anapeza bwino kuposa olandira thandizo la masiku onse. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi mmero ku America linavomereza CBT m'malangizo ake a 2014, ndipo la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku England, linachitanso chimodzimodzi mu 2020.

Chimene anthu ambiri amanena akamaliza n'chakuti, "Likadalipo, koma ndilibe nalo ntchito." Ena amati akulimva ngati lachepa, ndipo n'zomveka, poti chinthu chimene sukuchitchera khutu chimamvekera patali. Si onse amene amathandizika mofanana. Amene amachita ntchito ya kunyumba ija amapita patsogolo kuposa amene kope lawo limangogona m'chikwama.

Masana ndimapirira. Vuto ndi usiku.

Apa ndiye pamalira ambiri. Usiku phokoso la dziko limachoka, khutu n'kutsala lokha pabwalo, ndiponso maganizo amene munawathawa masana amakupezani pamphasa. Dziwani kaye kuti munthu aliyense amadzidzimuka kangapo usiku, kungoti ambiri sakumbukira. Inu mukadzidzimuka chinthu choyamba kuchimva ndi khutu, ndiye mumaliimba mlandu wakuti ndilo lakudzutsani.

Njira za CBT za tulo n'zosavuta kunena koma zimafuna khama. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale munagona mochedwa. Musalowe m'bulangete tulo tisanabwere. Mukaona kuti mwatembenuka pafupifupi mphindi 20 tulo osabwera, dzukani, kakhaleni pampando ndi kuwala kochepa, chitani kanthu kosasangalatsa kwenikweni monga kusankha nyemba, ndipo mubwerere pokhapokha zikope zikalemera. Cholinga n'chakuti ubongo usaphunzire kuti bedi ndi bwalo la nkhondo. Wotchi itembenuzireni kukhoma. Kuwerenga maola otsala kuti kuche sikunagonetsepo munthu. Tulo ta masana tichepe, tiyi wamphamvu ndi khofi madzulo zisiyeni. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku.

Kaphokoso kofatsa m'chipinda kamathandiza: fani, wailesi yotsitsa kwambiri, kapena mawu a mvula ojambulidwa pafoni. Kakhale kotsika kuposa kulira kwa khutu, kuti ziwirizo zizimveka limodzi. Mukalikwirira lonse, ubongo supeza mpata wolizolowera, ndipo tsiku limene magetsi azima kapena batire latha mudzavutika ngati poyamba. Zodandaula za sukulu fizi ndi ngongole zipatseni nthawi yake madzulo dzuwa lisanalowe, muzilembe m'kope, kuti zikabwera usiku muziuze kuti takambirana kale.

Ndinasiya kupita kutchalitchi, kumsika ndi kumaukwati poopa kuti phokoso liwonjezera. Ndimayenda ndi thonje m'makutu. Ndikulakwitsa?

Mbali ina mukulondola, mbali ina mukudzipweteka. Phokoso loopsadi lilipo. Malire amene akatswiri a zantchito amagwiritsa ntchito ndi madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo poyezera pake posavuta ndi apa: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene waima pafupi nanu akumveni, malowo ndi owononga makutu. Pachigayo, pa galainda, pafupi ndi masipika, valani zotsekera makutu zenizeni. Thonje silitchinga mokwanira. Bambo athu aja a pachigayo ayenera kuvala tsiku lililonse.

Koma phokoso la msika, la mbale kukhitchini, la ana akusewera, la kwaya mutakhala chapatali ndi sipika, silowononga. Mukamatseka makutu pa zimenezi mumachepetsanso uthenga wopita ku ubongo, ubongo n'kukweza voliyumu ija, kulira n'kumveka kwambiri, ndipo makutu amayamba kudana ndi mawu wamba. Komanso mwataya anzanu, nyimbo ndi nseko, zomwe zikanakuchotsani maganizo pakhutu. Mu CBT mumalemba malo onse amene munawathawa, kuyambira osaopsa kwambiri, n'kumabwererako limodzi limodzi. Sabata ino mphindi 15 pagolosale, sabata yamawa mapemphero mutakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Nthawi zina kulira kumakwera pang'ono mukachoka paphokoso, kenako kumabwerera pomwe kunali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati kumva kwanu kunachepa, kachipangizo kothandiza kumva kangachite zambiri, chifukwa kamabwezera ubongo mawu amene unkawasowa.

Nanga mankhwala amene amatsatsa pa Facebook ndi pa WhatsApp?

Palibe piritsi, dontho kapena chitsamba chimene chatsimikizika kuti chimathetsa kulira kwa khutu kwa nthawi yaitali. Malangizo a ku America a 2014 aja ananena mosabisa kuti madokotala asamalimbikitse chitsamba cha Ginkgo biloba, kapena mapiritsi a zinc ndi melatonin, pa vutoli. Wotsatsa akamati "m'masiku 7 latheratu," gwirani chikwama chanu. Musathire madzi a anyezi, mafuta a galimoto kapena timadzi ta masamba m'khutu, ndipo nthenga ya nkhuku ndi kamtengo ka machesi zisalowemo. Ngati kachikopa ka m'kati kanabooka mungadziwonjezere matenda. Mankhwala a matenda a nkhawa kapena okhumudwa ndi nkhani ina: sachiza khutu, koma adokotala angakupatseni ngati matendawo alipo paokha.

Kusakasaka machiritso kumene nako ndi msampha. Mankhwala atsopano alionse amafuna kuti muzimvetsera ngati phokoso lachepa, ndipo kumvetserako ndiko kumalidyetsa.

Kodi CBT ikutsutsana ndi pemphero?

Ayi. Ambiri amachita zonse ziwiri, ndipo vesi kapena nyimbo imene imakukhazikani mtima pansi ingakhale gawo la ganizo lija lolembedwa pakapepala. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chokha: kutseka khutu ndi chala mukangoti amen kuti muone ngati lachoka, ndi kudziweruza kuti chikhulupiriro chanu n'chochepa likapezeka likadalipo.

Thandizoli ndingalipeze kuti?

Yambani ndi kuyezetsa makutu. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth Central chili ndi mbali yoona za makutu, mphuno ndi mmero komanso yoyeza kumva. Ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic. Pitani kaye kuchipatala chapafupi kuti akaone ngati si phula kapena mafinya, ndi kukulemberani kalata yokutumizani. Pa mbali ya maganizo, funsani namwino kapena kiliniko ofesala woona za maganizo pachipatala cha boma lanu. Kulinso Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Simukufunika munthu amene anaphunzira za makutu okhaokha: mlangizi wodziwa CBT ya nkhawa ndi kusowa tulo ali kale ndi zida zambiri zofunika. Mufunseni mosapita m'mbali ngati anaphunzira CBT ndiponso ngati adzakupatsani ntchito ya kunyumba.

Amene muli ku England, dokotala wanu wa masiku onse (GP) angakutumizeni kwa oyeza makutu, ndipo ku NHS Talking Therapies, kumene boma limapereka thandizo lokambirana, mutha kudzilembetsa nokha. CBT ya pa intaneti iliponso. Gerhard Andersson ndi anzake ku Sweden anayamba kuiyesa pa makutu olira cha mu 2002, koma mapulogalamu otere amafuna chinenero chakunja ndi bandulo. Chimene chimandilimbitsa mtima ndi zimene Dixon Chibanda anachita ku Harare ndi Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumathandiza anthu oganiza kwambiri pogwiritsa ntchito njira zochokera ku CBT. Iwo sanapangire makutu, koma anaonetsa kuti nzeru zimenezi sizikhala m'maofesi a madokotala mokha. Kope, cholembera ndi mnzanu woona mtima zikukwanira kuti muyambe lero mizere inayi ija.

Ndinayamba kupeza bwino, koma sabata ino labwerera mwamphamvu. Kodi zonse zapita m'madzi?

Sizinapite. Kulira kwa khutu kumakwera ndi kutsika. Chimfine, maliro, kusagona, mkangano wa m'banja, ulendo wautali pa minibasi ya nyimbo zokweza, zonsezi zimatha kulidzutsa masiku angapo. Alangizi abwino amakonzekeretsa munthu zimenezi asanasiyane, ndipo amalemba naye tsamba limodzi la zochita tsiku loipa. Tsegulani kope lanu lakale, muwerenge zimene munalemba mwezi woyamba, muone kuti munadutsapo pano. Ganizo lofunika kuligwira msanga ndi lakuti "ndabwerera pachiyambi," chifukwa ndilo limasandutsa masiku atatu oipa kukhala miyezi itatu.

Amuna anga ndiwo akuvutika. Ine ndingawathandize bwanji?

Akhulupirireni, mayi. Vuto losaoneka ndi maso limapweteka kawiri pamene a m'nyumba akuganiza kuti munthu akudzichititsa. Mawu akuti "ingoiwalani" asiyeni, akanatha akanaiwala kalekale. Koma musagwerenso mbali inayo yomawafunsa m'mawa uliwonse kuti "lero khutu lili bwanji," chifukwa mwina anali ataliiwala ndipo mwawakumbutsa. Gwirizanani kuti nkhani ya khutu muzikamba kamodzi pa sabata, kapena iwo akaiyamba okha.

Musaletse ana kuseka m'nyumba, musazimitse wailesi, ndipo musamawapepesere kwa abale kuti sabwera ku chinkhoswe chifukwa cha khutu. Akayang'ana kumbali mukuwayankhula, mwina sanamve; ayang'aneni kumaso n'kubwereza osakalipa. Mukaona kuti asiya kudya, akumwa mowa kuposa kale, kapena akuyankhula zotsanzika, apelekezeni kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo usiku akadzuka kukakhala pampando monga anawauzira mlangizi, musawalondole ndi mafunso. Asiyireni nyali yaing'ono ndi lichero la nyemba patebulo, inu mugone.